Amalipira ndalama kuti akaone mbalame, ine nkumaseka

Alamu anga atandiuza ntchito imene amagwira ku Cape Town, ndidaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Munthu wamkulu ndithu, wobadwira m'mphepete mwa nyanja ku Salima, amene adadziwa kupalasa bwato asanadziwe kulemba dzina lake, lero akuti amathandiza pa boti lonyamula anthu okaona mbalame. Ndidati, "Alamu, mbalamezo akaziona amazigwira?" Adati ayi. "Nanga amazigula?" Adati ayi. "Ndiye madzulo amabwerako ndi chiyani?" Adandiyankha kuti ena amabwerako ndi zithunzi, ena ndi maina olembedwa m'kabuku, koma ambiri amabwerako ndi m'mimba mopanda kanthu kaamba kosanza njira yonse.

Ine ndine wamalonda. Ndimakwera basi kupita ku Joni kukaoda katundu, ndipo inu anzanga a mumsika wa Limbe ndi wa Lilongwe mukudziwa mmene mutu wa wamalonda umayendera: ndalama ikatuluka m'thumba iyenera kubwerera ndi inzake. Tsono kumva kuti munthu wanzeru zake amapereka ndalama zokwanira kuodera bele la mabulangete, nkukakhala tsiku lonse akuzunguzika pamafunde kuti angoyang'ana chinthu chouluka chimene sangachidye, ine ndidangoti izi ndi za anthu okhuta basi.

Pa ulendo umenewo ndidapitirira mpaka ku Cape Town kukaona achemwali anga, amene amakhala ndi banja lawo ku Masiphumelele, kumene kuli a Malawi ambiri zedi moti ukamayenda m'tinjira ta kumeneko umamva Chichewa ngati uli ku Ndirande. Udali mwezi wa Julaye, kukuzizira kwabasi. Lachisanu usiku alamu adafika ndi nkhani yoti mlendo mmodzi wadwala, malo ake atsala, ndipo mwini boti walola kuti ine ndikwere ulere bola ndisakasokoneze. Wamalonda sakana chaulere.

Tidanyamuka padoko la Simon's Town kusanache bwinobwino. Tauni imeneyi ili m'mphepete mwa False Bay, ndipo ndi kumene kumakhala sitima zankhondo za dziko la South Africa. Boti lathu silidali lalikulu ayi, kutalika kwake ngati maminibasi awiri, la mainjini awiri kumbuyo. Tidalimo anthu 12: woyendetsa, alamu, wolondolera alendo, ine, ndi alendo 8 okoleka magalasi oonera patali m'khosi. Padali nkhalamba ina ya ku Britain yovala majekete atatu, komanso mtsikana wina wachikuda wa pa yunivesite amene akuphunzira za mbalame za m'nyanja yamchere. Choncho maganizo anga oti masewerawa ndi a azungu okha adagwa tisanamasule nkomwe chingwe padoko.

Alamu adandipatsa kam'bulu ka mankhwala oletsa nseru, ine nkukana. Ndidati ndidakwerapo Ilala kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Nkhata Bay mwera ukuwomba, osasanza ngakhale kamodzi. Iwo adangoti, "Chabwino alamu, tikaonera komweko."

M'kati mwa False Bay madzi adali odekha, ine ndikucheza nkumaseka. Patatha ola tidafika ku Cape Point, kumene mtunda umathera pa matanthwe aatali ochititsa mantha. Pamenepo pali nsanja ziwiri za nyali yochenjeza amalinyero. Yakale, ya mu 1860, adaimanga pamwamba kwambiri moti nthawi zambiri imabisika m'mitambo. Mu 1911 sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania idaomba mwala wa Bellows chapafupi pomwepo nkumira, ndipo ndicho chifukwa chake adamanga nyali ina m'munsi, imene idayamba kuwala mu 1919. Ana asukulu musaisokoneze ndi Lusitania ina ija adaimiza Ajeremani mu 1915, imeneyo ndi ina.

Titangokhota pa matanthwewo, nyanja idasintha nkhope. Mafunde a kunyanja kwathu ndi aafupi, amabwera mothamangitsana ngati akukuomba makofi. A kumeneku ndi aatali, ochokera ku namondwe wa kutali kummwera, poti kuchoka pamenepo mpaka ku Antarctica palibe mtunda wowatchinga. Amakunyamula pang'onopang'ono ngati ukukwera chitunda, nkukutsitsa mpaka phiri lonse la Cape Point osaonekanso, kenaka nkukunyamulanso. Zimene zidachitikira phala lomwe achemwali adandiphikira m'mawawo sindizilemba m'nyuzipepala yowerengedwa ndi anthu aulemu wawo. Alamu adangondipatsa botolo la madzi osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kudandiwawa kuposa akadaseka.

Mwina wina afunsa kuti nanga kuvutika konseku bwanji, kodi kugombe kulibe mbalame? Ziliko, koma zimene anthuwa amafuna siziponda nthaka ya Africa ayi. Zimaswana pa zilumba zakutali kummwera, ndipo masiku ena onse a moyo wake zimathera pamwamba pa madzi. Wofuna kuziona ayenera kuzitsatira kumene zimadya. Pansi pa nyanja, kuchokera kugombe, pamatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kuya kwa mamita mazana angapo, kenaka pamagwa phompho lopitirira mamita 1,000. M'mphepete mwa phompho limenelo, makilomita 30 mpaka 50 kuchokera ku Cape Point, ndimo muli chakudya. Kumadzulo kwa South Africa ndi Namibia kumayenda mtsinje wa madzi ozizira m'kati mwa nyanja momwemo, wotchedwa Benguela. Mphepo ya kummwera chakum'mawa, mbale wake wa mwera wathu uja, ikamakankha madzi apamwamba kuwachotsa kugombe, madzi apansi amakwera ndi chonde chonse chimene chidadikha m'munsimo. Chondecho chimameretsa tizomera tosaoneka ndi maso, tizomerato timadyetsa tinsomba, tinsombato timadyetsa nsomba zikuluzikulu monga hake, ija mumaiona m'mafiriji a masitolo akuluakulu itadulidwa kale.

Ndidazindikira kuti woyendetsa boti sadali kuyang'ana kumwamba ngakhale pang'ono. Maso ake adali pa makina a radar, uku akufunsa anzake pa wailesi kuti sitima zopha hake zili pati lero. Ndidafunsa alamu kuti kodi tikusaka mbalame kapena asodzi? Adati, "Nchimodzimodzi. Mukapeza sitima yokoka ukonde mwapeza mbalame. Mukapanda kuipeza, alendo amabwerera atakwiya."

Ndili chiweramire m'mbali mwa boti, wina adakuwa kuti, "Albatross!" Ndidadzutsa mutu mokakamiza. Idachokera kumbuyo kwathu, pansi penipeni, nsonga ya phiko ikukhala ngati ikulemba mzere pamadzi. Yoyera kumimba, mapiko akuda pamwamba, aatali ndi opyapyala ngati nkhafi. Idakwera moyang'anana ndi mphepo, nkupendekeka, nkutsika ndi liwiro, nkulowa m'chigwa cha pakati pa mafunde awiri, nkutulukiranso uko kutali. Ndidayamba kuiwerengera nthawi kuti ikupiza liti mapiko. Mphindi imodzi, ziwiri, zitatu, osakupiza. Ife mainjini awiri akulira, akumwa petulo, iyo nkutipitirira ngati taima pa siteji. Ndaonapo nkhwazi ikutola nsomba, ndaonapo miimba ikuzungulira m'mwamba, koma kuuluka kotere kudali kwachilendo. Nseru ndidaiiwala kwa kanthawi.

Mtsikana wa pa yunivesite uja, poona kuti ndasamula kukamwa, adandifotokozera chinsinsi chake. Mphepo ya pafupi ndi madzi imayenda pang'onopang'ono kaamba kokhulana ndi mafunde, pamene ya pamwamba pang'ono imathamanga. Mbalameyi imakwera ndi kutsika pakati pa mphepo ziwirizi nkumatapa mphamvu pa kusiyana kwakeko, ndipo paphewa pake pali mtsempha umene umakhoma phiko likatambasuka kuti isatope. Madzi imamwa amchere omwewo, mchere wake nkumatuluka ngati mamina kudzera m'timipope ta pamlomo. Imene tidaionayo amaitcha Shy Albatross, mapiko ake mamita awiri ndi theka, ndipo za mtundu wake zimaswana pa tizilumba ta ku Tasmania ndi New Zealand, makilomita 10,000 kapena kuposerapo kuchokera pamene tidali. Ine amene ndimadzitama ndi ulendo wa masiku awiri wa ku Joni, ndi zidindo za pa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndidangokhala duu.

Nkhalamba ya ku Britain ija sidatekeseke nayo. Iyo idabwerera ina, Wandering Albatross, yaikulu kuposa zonse, imene mapiko ake amafika mamita atatu ndi theka. Mwana wa mbalame imeneyi akachoka pachisa amatha zaka zisanu kapena kuposerapo osapondanso nthaka. Akuti mkuluyu kadali kachitatu kukwera boti lomweli kufuna mbalame yomweyo, osaiona. Ndidamumvera chisoni, komanso ndidamumvetsa pang'ono. Ndi angati a ife amene timabwerera pa benchi lomwelo tsiku ndi tsiku kudikira kasitomala mmodzi wamkulu?

Chakumasana tidaipeza sitima. Poyamba ndidaona chinthu chonga nkhungu zija zimafuka ngati utsi pakati pa nyanja kwathu. Titayandikira, utsiwo udasanduka mbalame, zikwizikwi, zikuzungulira kumbuyo kwa chisitima chadzimbiri. Kenaka fungo lidatipeza. Sitima zimenezi zimakonzera nsomba m'kati momwemo, mitu ndi matumbo nkumazitayira m'madzi, ndipo chilichonse chouluka cha m'dera lonselo chimadziwa zimenezi. Padali ma albatross a nsidze zakuda ngati mayi wodzilemba ndi pensulo, ochokera ku South Georgia kufupi ndi South America. Padali ena a mzere wachikasu pamlomo, a ku Tristan da Cunha. Padali ma petrel akuda bii, ndi ena amawangamawanga ngati nkhanga. Ma gannet, amene ndi eni dziko poti amaswana pa zilumba za South Africa ndi Namibia, amagwa kuchokera m'mwamba ngati mikondo. Pakati pa zonsezi nyama zija amati seal, zonga katumbu wonenepa, zikungovuuka ndi nsomba kukamwa. Phokoso lake ngati pamsika lole ya tomato ikangofika, aliyense akukuwa, aliyense akulanda.

Apa ndi pamene ndidaona ntchito ya alamu. Adatsegula ndowa ya nyenyeswa za nsomba ndi mafuta ake nkumathira pang'onopang'ono m'madzi, poti mbalamezi zimanunkhiza chakudya kuchokera kutali. Posakhalitsa ma albatross adatera mozungulira boti, aakulu ngati atsekwe, pafupi moti ukadatha kuwakhudza ndi ndodo. Koma ine kamene kadandigwira mtima ndi kambalame kakang'ono ngati namzeze, kakuda, koyera pamchira, kamene kamapondaponda pamwamba pa madzi ndi timiyendo tonga machesi ngati kakuvina. Amakatcha Wilson's Storm Petrel. Kulemera kwake ndi magalamu pafupifupi 40, kosafika ngakhale dzira la nkhuku, koma kamaswana ku Antarctica nkumayenda nyanja zonse pa mafunde omwewo amene adandilanda phala.

Kumbuyo kwa sitimayo ndidaona zingwe ziwiri zopyapyala zochokera pamwamba mpaka m'madzi, zitakolekedwa timizere ta pulasitiki towala tikulendewera ngati zokongoletsa pa ukwati. Mbalame zimazungulira paliponse koma pakati pa timizereto sizimalowapo. Ndidafunsa ngati amalinyero ali ndi chikondwerero. Alamu adati, "Zimenezo ndiye ntchito yanga, alamu. Pakadapanda zimenezo bwenzi ine ndikutsuka magalimoto."

Nkhani yake ili motere. Ukonde wa hake umakwawa pansi pa nyanja, ndipo sitima imaukoka ndi zingwe ziwiri zachitsulo zonenepa. Zingwezo zimalowa m'madzi pamalo pomwe matumbo a nsomba akuyandama. Sitima ikamakwera ndi kutsika pamafunde, chingwe chimadula madzi ngati mpeni. Albatross polimbirana chakudya imatambasula mapiko, phiko lija nkuzengezeka kuchingwe, mphamvu ya madzi nkuikokera pansi, basi yamira. Mtembo wake sufika m'sitima kawirikawiri, choncho asodzi akamanena kuti ife sitipha mbalame sadali kunama, adali kunena zimene maso awo adaona. Zidatengera anthu kukwera m'sitimazo mu 2004 ndi 2005, kukhala kumbuyo maola ndi maola akuyang'ana zingwe ndi kujambula, kuti choonadi chidziwike. Chiwerengero choyamba chidali mbalame 18,000 pachaka. Atachiunikanso adachitsitsa kufika pa 9,300, ndipo mwa zimenezi 7,200 zidali albatross.

Wina anena kuti 7,200 nchiyani, nkhuku zimene timadya pa Khirisimasi mu Blantyre mokha zimaposa pamenepo. Koma albatross si nkhuku. Nkhuku ya miyezi 6 yayamba kale kuikira. Albatross imadikira zaka 7, ina mpaka 10, isanaikire koyamba, ndipo imaikira dzira limodzi basi. Mitundu ikuluikulu imaikira kamodzi pa zaka ziwiri. Yaimuna ndi yaikazi zikagwirizana zimakhala limodzi zaka zambirimbiri, kumasinthana kufungatira dzira ndi kudyetsa mwana. Imodzi ikamira pa nthawi yolera, mwana wodikira pachisa naye wafa, ndipo yotsalayo imatha zaka isanapeze inzake. Chimene chimasunga mtunduwu ndi moyo wautali wa makolo. Pa chilumba cha Midway m'nyanja ya Pacific, albatross ina imene adaitcha Wisdom adaiveka mphete kumwendo mu 1956 ili kale yaikulu, ndipo kumapeto kwa 2024 idaikiranso dzira ili ndi zaka pafupifupi 74. Kwa ife amalonda masamuwa ngosavuta. Dzira ndi mwanapiye ndi phindu, mbalame yaikulu ndi mpamba. Phindu likachepa chaka chino umapirira. Zingwe zachitsulo zija zimadya mpamba.

Mankhwala ake adapezeka kuti ndi timizere ta ukwati tija. Nzeruyi adaiyamba asodzi a ku Japan, ndipo mpaka lero chingwecho amachitcha tori, mawu a Chijapani otanthauza mbalame. Timizere tikamagwedezeka, mbalame zimaopa kuyandikira pamene chitsulo chikulowera m'madzi, monga mmene mwana amaingitsira mpheta m'munda wa mpunga ndi chingwe chomangirira mapepala. Mu 2006 mabungwe a BirdLife International ndi RSPB ya ku Britain adakhazikitsa gulu lotchedwa Albatross Task Force, ndipo lidayambira ku South Africa komweko, anthu ake kumakwera m'sitima, kudya ndi kugona ndi asodzi. Chaka chomwecho boma lidaika zingwezi m'malamulo a chilolezo chophera hake. Kafukufuku amene adatuluka mu 2014 adasonyeza kuti imfa za mbalame zonse pa usodziwu zidatsika ndi 90 pa 100 iliyonse, ndipo za albatross ndi 99 pa 100.

Musaganize kuti eni sitima adangodzuka tsiku lina atagwidwa chifundo. Mu 2004 usodzi wa hake wa ku South Africa udalandira chizindikiro cha bungwe la Marine Stewardship Council, kachidindo kabuluu kamene amaika pa paketi kutsimikizira wogula kuti nsombayo idaphedwa mosawononga nyanja. Hake yambiri imagulitsidwa ku Ulaya, kumene masitolo akuluakulu amafuna kachidindo kameneka, ndipo kuti chizindikirocho chisalandidwe padafunika kuti nkhani ya mbalame ifufuzidwe ndi kukonzedwa. Ndiye kuti mayi wogula nsomba ku Germany, munthu wa kabuku wowerenga mbalame zomira, ndi mwini sitima woopa kutaya msika adakumana pa chingwe chimodzi. Ine monga wamalonda zimenezi ndimazikhulupirira kuposa ulaliki. Ndipo okwera maboti ngati lathu ali momwemo, poti ambiri ndi mamembala a mabungwe omwewa, ndipo ena mwa okonza maulendowa amapereka phindu lake ku ntchito yoteteza albatross. Anthu okhuta aja ndidawaseka ndiwo amalipira wowerenga.

Chinanso chidandisangalatsa. Zingwe za tori zambiri za m'sitima zimenezi adazipanga anthu olumala a bungwe la Ocean View Association for Persons with Disabilities. Ocean View ili pafupi ndi Masiphumelele, ndipo ndi kumene boma la tsankho lidakatayako anthu amene lidawachotsa mu Simon's Town litalamula mu 1967 kuti tauniyo ndi ya azungu okha.

Komabe sindidabwereko ndi mtima wosalala ayi. Titakhala ola pafupi ndi sitima ija, alendo akujambula mosangalala, ndidadzifunsa kuti kodi tili pati? Tidali padzala. Dzala lokongola zedi, koma dzala. Mbalame zonse zija zidasonkhana kudzatola zotaya za munthu, ndipo okonda mbalamewo amadalira sitima yomweyo imene kale imazimiza. Mtsikana uja sadatsutse. Adandiuza kuti ma gannet chakudya chawo chenicheni ndi tinsomba tamafuta tonga usipa, sardine ndi anchovy, ndipo timeneti titachepa kumadzulo adayamba kudalira zotaya za hake, zimene zimakhutitsa wamkulu koma ana sakula nazo bwino. Nanga ma penguin a pagombe la Boulders, pafupi ndi doko lomwe tidanyamukira, amene sauluka ndipo sangatsatire sitima? Mu 2024 adaikidwa m'gulu la zolengedwa zimene zatsala pang'ono kutheratu, mabanja oswana m'dzikomo atatsika kufika pansi pa 10,000. Zidatengera mlandu kukhoti kuti mu Marichi 2025 pakhale mgwirizano woletsa kupha tinsombato mozungulira malo 6 amene amaswanirako, kwa zaka 10.

Ndiponso malamulo a South Africa amathera pamene madzi ake athera. Kupitirira apo kuli sitima za mayiko osiyanasiyana zimene zimatchera zingwe zotalika makilomita makumimakumi zokhala ndi mbedza zikwizikwi, ndipo albatross ikameza nyambo imamira nayo. Kumeneko owerenga ngochepa. Ngakhale pachisa mtendere palibe. Pa chilumba cha Marion, makilomita pafupifupi 2,000 kummwera chakum'mawa kwa Cape Town, alenje a seal adafikitsako mbewa m'zaka za m'ma 1800. Inde mbewa, koma anzanga a pamsewu wa Dedza musayambe kuwerengera zokaoda. Mu 1949 adapititsako amphaka 5 kuti akadye mbewazo. Amphaka adaona kuti mbalame nzosavuta kugwira, pofika 1977 adachuluka kufika pafupifupi 3,400, ndipo ntchito yowatha idatha mu 1991. Mbewa zidatsala, ndipo kuyambira 2003 zidayamba kuoneka zikudya ana a albatross amoyo ali pachisa. Boma ndi BirdLife South Africa adakhazikitsa ntchito yotchedwa Mouse-Free Marion yofuna kumwaza nyambo yapoizoni pachilumba chonse ndi mahelikopita.

Pobwerera maganizo anga adathawira kwathu. Ntchito ya alamuyi si yachilendo kwenikweni. Anyamata a ku Cape Maclear amanyamula alendo m'boti, kuimba mluzu, kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi nkutsika kudzatola makamera akulira. Amenewonso ndinkawaseka. Koma chimene chidandiluma ndi nkhani ya chambo cha m'nyanja ya Malombe, chimene chidatha pafupifupi chonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kumeneko owerenga adalipo. Akatswiri a zansomba adawerenga, adalemba, adachenjeza. Amene adasowa ndi wogula wokana. Ine ndemwe ndisanayambe za ku Joni ndinkagulitsa nsomba zouma, ndipo kasawala, amene ndi ana a chambo, ndinkamuoda osafunsa kuti waphedwa ndi ukonde wa maso otani. Ndinkangoona kuti ngotchipa ndipo amayenda malonda. Kunena zoona, mpamba umenewo ndidadya nawo.

Tidafika padoko dzuwa litapendeka. Wandering Albatross ija sidabwere, ndipo nkhalamba ya ku Britain idatsika mwakachetechete, nkupatsa alamu kangachepe, nkufunsa ngati pali malo Loweruka linalo. Ine nditaponda simenti ndidaona ngati doko lonse likuyendabe. Mtsikana uja adandipempha pepala kuti andilembere maina a mbalame zimene tidaona, ndipo poti ndidalibe lina ndidamupatsa kabuku kanga ka maoda. Mpaka lero kuseri kwa tsamba la mitengo ya mabulangete ndi nsapato kuli maina 14 amene mayi a kunyumba amandifunsa kuti ndi katundu wanji ameneyu, nanga adafika liti.

Usikuwo achemwali adaphika nsima ya hake. Ndidatembenuza paketi yake kufuna kachidindo kabuluu kaja, alamu nkundiona. Adaseka nati, "Ulendo wina mudzalipira, alamu. Ndipo mankhwala aja mudzamwa tisanachoke pakhomo."